Sikani ikuti khansa, biopsy ikuti ayi: njira zoti musankhepo ndi pomwe iliyonse imathandiza

Tiyerekeze mayi wa zaka 48 amene ali ndi chotupa cholimba kumtunda kwa bere lakumanzere, cha kukhwapa. Pa ultrasound chotupacho ndi chakuda, cha mamilimita 18, m'mphepete mwake muli ngati minga, ndipo kuseri kwake kwagwa mthunzi. Wojambula walemba BI-RADS 5, kutanthauza kuti chikuoneka kwambiri ngati khansa. Atenga tizidutswa ndi singano kuti tikayezedwe (biopsy), ndipo pakutha masabata 3 pepala la ku labotale lafika: mnofu wabwinobwino wa bere ndi mafuta, palibe khansa.

Pepala limeneli silikunena kuti chotupacho si khansa. Likunena kuti tizidutswa timene tinafika ku labotale tinalibe khansa. Izi ndi nkhani ziwiri zosiyana, ndipo amayi ambiri amatayika pakati pa ziwirizi: amauzidwa kuti zili bwino, amapita kwawo mtima uli m'malo, n'kudzabwera patatha chaka bere litaphulika chilonda.

Lamulo lake ndi ili: zotsatira za biopsy ziyenera kufotokoza chimene chaoneka pa chithunzi ndi chimene dzanja lakhudza. Ngati sizikufotokoza, ntchito sinathe.

Kusagwirizana kwenikweni ndi kuti?

BI-RADS ndi muyeso wa bungwe la American College of Radiology, ndipo nambala iliyonse ili ndi tanthauzo lake. Pa BI-RADS 3, mpata woti chotupa chikhale khansa supitirira 2 pa 100. Pa 4A uli pakati pa 2 ndi 10, pa 4B pakati pa 10 ndi 50, pa 4C pakati pa 50 ndi 95, ndipo pa 5 ndi 95 kapena kuposerapo. Ku Britain amagwiritsa ntchito nambala 1 mpaka 5 pa mbali zonse zitatu: P ya kupima ndi manja, M ndi U za mammogram (X-ray ya bere) ndi ultrasound, B ya core biopsy, yodula kachidutswa ka mnofu ndi singano. B1 ndi mnofu wamba kapena wosakwanira, B2 ndi chotupa chomwe si khansa, B3 ndi chokayikitsa chomwe sichikudziwika mapeto ake, B4 ndi choganiziridwa kuti ndi khansa, B5 ndi khansa.

Choncho BI-RADS 4A yomwe yabwera kuti ndi fibroadenoma (chotupa chomwe si khansa), chotupa chili chosalala ngati dzira ndipo chikuthawathawa pansi pa chala, n'zogwirizana. Koma BI-RADS 4C kapena 5 yomwe yabwera kuti ndi mnofu wamba, mafuta, kapena kusintha kwa mnofu kopanda dzina lenileni, n'zosagwirizana. Chimodzimodzi ngati munkafuna timadontho ta kashiamu timene tinaoneka pa mammogram koma woyeza wa ku labotale sanatione m'tizidutswamo.

Alipo matenda ochepa amene amaoneka ngati khansa pa chithunzi koma si khansa: mafuta ofa chifukwa chovulala kapena opaleshoni yakale, radial scar, sclerosing adenosis, granulomatous mastitis, kulimba kwa bere mwa amene adwala shuga nthawi yaitali, ndi TB ya m'bere, imene kuno kwathu sitingaiiwale. Dzina ngati limeneli likalembedwa pa pepala, lingathe kufotokoza chithunzi choopsa. Mawu akuti "mnofu wabwinobwino" sangafotokoze chotupa cha minga.

Musanasankhe njira, funsani ngati singano inalasadi

Kawirikawiri kusagwirizana kumabwera chifukwa chakuti singano inaphonya. Pali zinthu zingapo zoti muone, ndipo zonse sizifuna ndalama.

Yang'anani zithunzi za tsiku la biopsy. Payenera kukhala chithunzi choonetsa singano ili mkati mwa chotupa itawombedwa kale ndi mfuti ya biopsy, komanso china chojambulidwa mopingasa. Chithunzi cha mbali imodzi chimanamiza: singano ikhoza kudutsa pambali pa chotupa koma n'kuoneka ngati ili pakati. Ngati biopsy inachitika mongokhudza ndi chala popanda ultrasound, mpata wophonya ndi waukulu, makamaka chotupa chikakhala chaching'ono kapena chakuya.

Funsani kuti tizidutswa tinali tingati ndipo tinkaoneka bwanji. Kachidutswa kochokera m'chotupa cholimba kamakhala koyera, kathunthu ngati kanyongolotsi, ndipo kamamira mu formalin, mankhwala osungiramo mnofu. Kachikasu, koduka-duka, koyandama pamwamba, kawirikawiri ndi mafuta. Amene anatenga biopsy akhoza kudziwa pompo kuti waphonya ngati wayang'ana m'botolo.

Onani dzina, mbali ya bere ndi nambala pa botolo ndi pa pepala. Mabotolo amasinthanitsidwa, makamaka tsiku limene amayi angapo atengedwa biopsy motsatizana.

Ndipo ngati chokayikitsacho chinaoneka pa mammogram koma biopsy inachitika pa ultrasound, tsimikizani kuti ndi chinthu chimodzi. Zimachitika kuti wojambula apeza kachotupa kena pafupi, n'kukalasa bwinobwino, chenichenicho n'kutsala osakhudzidwa. Kachitsulo kakang'ono kamene amasiya pamalo a biopsy, kotchedwa clip, kamathetsa mkangano umenewu: mukajambulanso mammogram mbali ziwiri, clip iyenera kukhala pa chokayikitsacho.

Njira yoyamba: kuunikanso tizidutswa timene tilipo kale

Iyi ndi yotsika mtengo kuposa zonse ndipo mayi salasidwanso. Woyeza amadulanso magawo ena akuya kuchokera ku phula limene anaumbiramo tizidutswa, chifukwa magawo oyamba amangosenga pamwamba. Ngati akufuna kashiamu, angajambule phulalo ndi X-ray kuti aone ngati timadontho tatsalira mkati, kapena kuunika ndi kuwala kwa polarised, chifukwa kashiamu wa mtundu wa oxalate saoneka bwino ndi utoto wamasiku onse. Khansa ya mtundu wa lobular nayo imabisala: maselo ake amayenda pamzere umodzi-umodzi pakati pa mnofu, osaunjikana, ndipo angaoneke ngati maselo a kutupa wamba mpaka atapakidwa utoto wapadera.

Njirayi imathandiza pokhapokha woyeza atauzidwa chimene chikufunidwa. Pepala lopita ku labotale lolembedwa kuti "chotupa cha bere" basi limamumanga manja. Lembani msinkhu wa mayi, kukula kwa chotupa, BI-RADS, ndi chimene mukuganizira. Malire ake ndi oonekeratu: ngati singano inaphonya, ngakhale adule magawo 100 sapeza chimene mulibe. Choncho ichitike, koma isachedwetse njira zotsatirazi pa BI-RADS 5.

Njira yachiwiri: kubwereza core biopsy motsogoleredwa ndi ultrasound

Pa chotupa chooneka bwino pa ultrasound, iyi ndiyo njira yoyamba kuiganizira, ndipo ndi imene ingatheke m'zipatala zambiri. Ngati kuyeza koyamba kunali FNA, ya singano yopyapyala yongokoka maselo, musabwereze FNA. Pitani ku core biopsy. FNA siingasiyanitse khansa imene idakali m'timachubu ta mkaka ndi imene yalowerera mnofu, ndipo pa zotupa zolimba nthawi zambiri imatuluka yopanda maselo okwanira.

Kubwereza kuli ndi phindu ngati mwasintha chimene chinalakwika poyamba. Gwiritsani ntchito singano ya 14 gauge, osati 16 kapena 18, pokumbukira kuti nambala ikamakwera singano imachepa. Tengani tizidutswa tathunthu 3 mpaka 5 kuchokera m'malo osiyana a chotupa. Chotupa chikakhala chachikulu, lasani cha m'mphepete, chifukwa pakati pa khansa yaikulu nthawi zambiri pamakhala pofa kale ndipo woyeza sapezapo choti awerenge. Chikakhala cholimba kwambiri chimakankhika m'malo molasidwa, ndiye lowetsani nsonga ya singano pang'ono m'chotupamo musanawombe. Mfuti zambiri zimaponya singano mamilimita 22 kutsogolo, choncho singano iyende mogona, motsatira khoma la chifuwa, kuti isaboole mapapo. Chotsani mpweya wonse mu jakisoni wa lignocaine wochititsa dzanzi, popeza thovu limodzi lokha limaphimba kachotupa kakang'ono pa sikani. Mukamaliza, panikizani pamalopo mphindi 5 mpaka 10.

Ngati biopsy yoyamba yasiya magazi oundana amene akuphimba kachotupa, kudikira sabata imodzi kapena awiri kuti asungunuke n'kwanzeru. Kudikira miyezi si nzeru.

Yang'ananinso kukhwapa. Ngati kuli mwanabere wotupa, wozungulira, wokhuthala khungu lake, kumutenga biopsy tsiku lomwelo kungapereke yankho limene bere likukana kupereka. Koma mwanabere wa m'khwapa angatupenso chifukwa cha TB, HIV kapena lymphoma (khansa ya mwanabere), choncho kachidutswa kena kaikidwe m'madzi a saline, osati mu formalin, kuti kakayezedwe TB ndi GeneXpert. Chimodzimodzi ngati m'bere mwatuluka mafinya kapena woyeza walemba granuloma. Formalin amapha tizilombo, ndipo kachidutswa kakalowamo sikangabzalidwenso ku labotale kuti tizilombo timere.

Kufooka kwa njirayi n'kwakuti singano yomweyo ikhoza kuphonya kachiwiri. Ikabweranso yosagwirizana, musayese kachitatu.

Njira yachitatu: biopsy ya vacuum

Apa singano ndi yaikulu, ya 7 mpaka 11 gauge, ndipo makina amayamwa mnofu kuulowetsa m'singano n'kuudula. Singano imalowa kamodzi kokha n'kumazunguliridwa ngati muvi wa wotchi, kutenga tizidutswa 12 kapena kuposerapo kuzungulira malo onse. Mnofu wotuluka ndi wochuluka kwambiri kuposa wa core biopsy, ndiye mpata wophonya umachepa.

Imaposa njira zina pa timadontho ta kashiamu, pa mnofu wokokeka wopanda chotupa chenicheni, ndi pa tizotupa tosakwana mamilimita 5 mpaka 10 timene mfuti wamba imatikankha. Pa kashiamu imachitika motsogoleredwa ndi mammogram, ndipo tizidutswa timajambulidwa X-ray mayi asanachoke pa makina. Ngati timadontho sitikuoneka m'tizidutswamo, amatenganso pompo. Clip ndi yofunika kwambiri apa chifukwa vacuum ikhoza kuchotsa chokayikitsa chonse, ndipo chikapezeka kuti ndi khansa dokotala wa opaleshoni sadziwa podula. Clip nayo imasuntha nthawi zina bere likamasulidwa pa makina opanikiza, n'chifukwa chake amajambulanso mammogram atangomaliza.

Ku Britain, zotupa zambiri za B3 masiku ano amazichotsa ndi vacuum m'malo mwa opaleshoni, potenga mnofu wokwana pafupifupi magalamu 4. Mayi sagonekedwa tulo, chipsera ndi cha mamilimita ochepa, ndipo amabwerera kunyumba tsiku lomwelo.

Zovuta zake ndi magazi oundana, makamaka kwa amene akumwa warfarin kapena mankhwala ena osungunula magazi, kuvuta kwake pa chotupa chili pafupi ndi khungu kapena khoma la chifuwa, komanso mtengo: singano iliyonse imagwira ntchito kamodzi n'kutayidwa. Chachikulu n'chakuti makinawa sapezeka paliponse. Ngati kuwapeza kukutanthauza kuti mayi wa BI-RADS 5 adikire miyezi akusonkhanitsa ndalama za ulendo wakunja, njirayi yasanduka msampha. Opaleshoni yochitika mwezi uno ndi yabwino kuposa vacuum ya chaka chamawa.

Njira yachinayi: kuchotsa chotupa ndi opaleshoni

Iyi ndiyo imatseka nkhani, chifukwa woyeza amalandira chinthu chonse. Ndi yoyenera pamene biopsy yachiwiri yabweranso yosagwirizana, pamene vacuum palibe, pamene chotupa chili malo ovuta kulasa, ndiponso pamene woyeza walemba dzina limene singano siingalitsimikize. Chitsanzo ndi chotupa cha fibroepithelial chokhala ndi maselo ambiri, chimene chingakhale phyllodes, mtundu wa chotupa umene nthawi zina umakhala khansa: chimafuna kuchotsedwa chathunthu, makamaka ngati chikukula msanga kapena chapitirira masentimita 3. Chimodzimodzi papilloma (kachotupa ka m'kachubu ka mkaka) yokhala ndi atypia (maselo osaoneka mwachibadwa), komanso atypical ductal hyperplasia kumene kulibe vacuum, popeza pambali pake pakhoza kubisala DCIS, khansa ija imene idakali m'timachubu ta mkaka.

Chotupa chokhudzika ndi chala sichivuta kupeza. Chosakhudzika chiyenera kuikidwa chizindikiro kaye: kawaya kolowetsedwa motsogoleredwa ndi ultrasound kapena mammogram m'mawa wa tsiku la opaleshoni, kapena kambewu ka maginito kumene kuli zipangizo zake. Kumene kulibe zonsezi, kulemba pakhungu ndi ultrasound mayi atagona mmene adzagonere pa tebulo la opaleshoni, n'kulembanso kuya kwake, kumathandiza ndithu. Kubweretsa ultrasound m'chipinda cha opaleshoni momwemo n'kwabwino koposa.

Apa ndi pamene zolakwika zimapweteka kwambiri, ndipo zimadziwika. Kucheka pamalo olakwika kumasokoneza opaleshoni yotsatira, choncho chekani pamzere woti udzalowe mkati mwa mbali yodzachotsedwa ngati chipezeka khansa. Musatenge mnofu wochuluka pongofuna kudziwa dzina la chotupa. Ku Britain amalimbikitsa kuti wotengedwa pa chifukwa chimenechi usapitirire magalamu 20. Sokererani ulusi wosonyeza mbali, wamfupi kumtunda ndi wautali cha kukhwapa, kuti woyeza anene mbali imene khansa yafika m'mphepete. Chotupa chosasokereredwa chimakakamiza kudzadulanso kuzungulira bowo lonse.

Kenako formalin. Mnofu ulowe mu formalin wa 10 peresenti pasanathe ola limodzi, ndipo formalin akhale wochuluka kuwirikiza 10 kukula kwa mnofuwo. Formalin amalowerera pang'onopang'ono, pafupifupi milimita imodzi pa ola, ndiye chotupa chachikulu chokanikizidwa m'kabotolo kakang'ono chimawola pakati chisanafike ku labotale. Kwa chipatala cha boma laling'ono chimene chimatumiza mabotolo ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre kapena ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe, mfundo iyi ndi yaikulu, chifukwa ulendo umatalika. Nthawi yovomerezeka yoti mnofu ukhale mu formalin kuti ER, PR ndi HER2, zizindikiro za pa khansa zotsogolera kusankha mankhwala, ziyezeke molondola ndi maola 6 mpaka 72. Lembani pa pepala nthawi imene mnofu unachotsedwa ndi imene unalowa m'botolo. Mayi amene ER yake yatuluka molakwika akhoza kumanidwa tamoxifen, mankhwala omwe akanamuthandiza zaka zambiri.

Mtengo wa njirayi kwa mayi ndi chipsera, mankhwala ogonetsa kapena ochititsa dzanzi, ndi opaleshoni yachiwiri ngati ipezeka khansa. N'chifukwa chake siikhala yoyamba pamene singano ingathe kuyankha. Koma chinthu chimodzi chisachitike: kuchotsa bere lonse kapena kuyamba chemotherapy potengera chithunzi chokha. BI-RADS 5 si pepala la ku labotale, ndipo TB ya m'bere imachira ndi mankhwala.

Njira yachisanu: kujambulanso, kuphatikizapo MRI

Zithunzi zina zimathandiza kutsimikiza malo ndi kuona ngati BI-RADS yoyamba inali yolondola. Mammogram yopanikiza pamalo amodzi ingaonetse kuti chomwe chinkaoneka ngati minga chinali mnofu wongosanjikizana. Wojambula wachiwiri angatsitse 4B kufika pa 3 ndi zifukwa zomveka, ndipo zikatero kusagwirizana kwatha. Chenjezo ndi lakuti asatsitse nambala pongofuna kuti igwirizane ndi pepala la ku labotale.

MRI imaona khansa zambiri zolowerera, koma imaonanso zinthu zambiri zomwe si khansa, ndipo ikhoza kuphonya DCIS ina. Siilowa m'malo mwa biopsy. MRI yosaonetsa kanthu siichotsa kufunika kolasanso chotupa cha BI-RADS 5 kapena timadontho tokayikitsa. Kwa mayi woyembekezera, mankhwala a gadolinium amene amabaya pojambula MRI amapewedwa, pomwe core biopsy imachitika bwinobwino ngakhale ali ndi pakati kapena akuyamwitsa.

Njira yachisanu ndi chimodzi: kudikira miyezi 6

Njirayi ndi ya zotsatira zogwirizana, osati zosagwirizana. Ingaganiziridwe pa 4A pamene zithunzi zikuonetsa singano ili mkati, tizidutswa tinali tokwanira, dzina lolembedwa likufotokoza chithunzi, ndipo wojambula, woyeza ndi dokotala wa opaleshoni agwirizana. Pa 4C ndi 5 ilibe malo.

Palinso funso limene mabuku a kunja salifunsa kawirikawiri: kodi mayiyu adzabweradi? Amene amachokera kutali, wolipira minibasi ziwiri kapena zitatu, amene wauzidwa kuti "si khansa", ali ndi zifukwa zambiri zosabwerera. Zikatero, pa chotupa chokayikitsa pang'ono chabe, kuchichotsa kapena kuchilasanso iye akadali pafupi n'kotetezeka kuposa kumupatsa tsiku la miyezi 6.

Zikatembenuka: chithunzi chabwino, biopsy ya khansa

Izi zimachitika. Khansa ya mucinous, ya papillary, ndi ina yokula msanga ya triple-negative imatha kuoneka yosalala ngati fibroadenoma, makamaka mwa amayi achichepere. Tsimikizani kuti botolo ndi lake, woyeza wachiwiri aonenso, ndipo zikatsimikizika thandizo liyambe ngati khansa ina iliyonse. Jambulaninso bere lonse ndi linzake, mwina chithunzi choyamba chinasiya china.

Pali mitundu iwiri ya khansa imene singano ya m'chotupa siiyankha. Bere lofiira, lotentha, lotupa, khungu lake lili ngati khungu la lalanje, limene silinasinthe pakutha sabata imodzi kapena awiri a maantibayotiki, likufunika biopsy ya khungu ndi ya mnofu wa pansi pake, ngakhale sikani isaonetse chotupa. Nsonga ya bere yosupuka ngati chikanga, yosamva mankhwala opaka, ikufunika biopsy ya nsongayo poganizira matenda a Paget.

Nthawi, ndi zoti mayi amve

Bungwe la WHO, mu ndondomeko yake ya Global Breast Cancer Initiative ya 2021, linaika muyezo wakuti kuyeza konse kuthe pasanathe masiku 60 kuchokera pamene mayi wafika koyamba kuchipatala. Biopsy yobwereza iyenera kulowa m'masiku omwewo, osati kuyambanso kuwerenga. Ngati zotsatira za ku labotale zimatenga masabata angapo, biopsy iliyonse yophonya imadya gawo lalikulu la nthawiyo, ndipo pa BI-RADS 5 n'zomveka kulumpha kuchoka pa core biopsy yoyamba kupita ku opaleshoni ngati palibe wodziwa kulasa ndi ultrasound.

Pakhale munthu mmodzi wodziwika amene ntchito yake ndi kuika pepala la ku labotale pambali pa chithunzi n'kulemba mawu amodzi: zagwirizana, kapena sizinagwirizane. Kumene kulibe msonkhano wa madokotala a mbali zonse, foni pakati pa wojambula ndi woyeza imakwanira. Chigamulocho chilembedwe m'buku la kuchipatala la mayi, pamodzi ndi BI-RADS, kukula kwa chotupa m'mamilimita, njira yotsatira ndi tsiku lake, kuti wina akadzamuona ku chipatala china asangowerenga "palibe khansa" n'kumubweza.

Kwa mayi mwini, mawu akhale omveka: "Mayi, tizidutswa tija sitinaonetse khansa, koma sitinafotokozenso chotupa chimene tikuchiona. Mwina singano inadutsa pambali. Sitinganene kuti muli bwino, sitinganenenso kuti muli ndi khansa. Tikufuna titengenso Lachiwiri likubwerali. Mubwere ndi wokuperekezani, ndipo mutisiyire nambala ziwiri za foni, yanu ndi ya wachibale."